Clements Kadalie: mwana wa kunyanja amene adagwedeza Joni

Kukamacha ku Senga Bay m'boma la Salima, mabwato amene achezera kukoka chilimira amakhala akukocheza, amayi ogula usipa atandanda kale pamchenga ndi mabeseni awo. Nsomba zikagulitsidwa, mwini bwato, injini ndi khoka amayamba wachotsa ndalama ya mafuta, kenaka n'kutapa gawo lake. Zotsalazo ndizo amagawana alovi, anyamata amene agona pamadzi usiku wonse, zikhatho zitang'ambika ndi zingwe.

Nthawi zina pamabuka mkangano. Mwini zida amakumbutsa anyamatawo kuti pakadapanda mpamba wake palibe akadapita panyanja. Alovi nawo amayankha kuti khoka silidzikoka lokha. Mkangano umenewu ndi wakale kuposa injini za mabwato, ndipo si wa ku Salima kokha. Ndi womwewu umene udatchukitsa, kenaka n'kugwetsa, mwana wina wa m'mphepete mwa nyanja yomweyi, amene m'zaka za m'ma 1920 ankasowetsa tulo boma la azungu ku South Africa. Dzina lake ndi Clements Kadalie.

Mukachoka pa Salima n'kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja, kudutsa Nkhotakota ndi Dwangwa, mukatsala pang'ono kufika pa Chintheche mumapeza Bandawe. Kufupi ndi pamenepo, m'mudzi wa Chifira, ndi pamene Kadalie adabadwira mu April 1896. Adali mdzukulu wa Chiweyu, mfumu ya Atonga. Sukulu adayambira ku mishoni ya Bandawe, kenaka adakwera phiri kupita ku Livingstonia, kwa Dr Robert Laws, komwe adatulukako ndi uphunzitsi akadali mnyamata wosakwana zaka 20.

Choko sadachigwire nthawi yaitali. Masiku amenewo Nyasaland lidali dziko la msonkho ndi malipiro osagula ngakhale bulangete, ndipo mnyamata aliyense wodziwa Chingerezi ankayang'ana kummwera. M'chaka cha 1915, chaka chomwe John Chilembwe adaukira atsamunda, Kadalie adauyatsa ulendo. Adagwirako ntchito pamunda wa thonje ku Mozambique, kenaka ukalaliki m'migodi ya ku Southern Rhodesia, kuphatikizapo wa Shamva. Iye mwini adadzalemba kuti nkhanza zimene adaona anthu akuda akuchitidwa ku Rhodesia ndizo zidayatsa moto mumtima mwake. M'chaka cha 1918 adafika ku Cape Town, komwe kudali kale mbale wake Robert.

Malinga ndi mbiri imene adalemba yekha, tsiku lina akuyenda mumzindawo wapolisi wachizungu adamukankha kumuchotsa m'njira ya oyenda pansi. Mzungu wina, A.F. Batty, adaona zimenezi ndipo adamuikira kumbuyo. Batty adali msosholisiti amene ankafuna mpando wa ku nyumba ya malamulo m'dera la kudoko. Chisankho adalephera, koma chinansi chawo chidabala kanthu. Pa 17 January 1919 anthu 24, ambiri a iwo onyamula katundu padoko, adakhazikitsa bungwe la anthu apantchito limene lidadzadziwika ndi dzina loti Industrial and Commercial Workers' Union, mwachidule ICU. Mlembi wake adali mnyamata wa ku Chifira uja, wa zaka 22.

Chaka chisanathe, mu December 1919, anthu pafupifupi 2 000 adanyanyala ntchito padoko la Cape Town kwa masabata awiri, pofuna malipiro abwino komanso pokana kuti chakudya chizitumizidwa kunja pamene mitengo yake idali itakwera m'dzikomo. Bungwe la azungu ogwira ntchito kunjanji, limene lidalonjeza kuwathandiza, lidawasiya padzuwa. Komabe chaka chotsatira makampani apadoko adakweza malipiro. Boma litaona kuti mlendoyu ndi minga, mu November 1920 lidalamula kuti athamangitsidwe m'dzikomo, koma lamulolo lidafafanizidwa ndipo iye adakhala.

Apa mpofunika kubwerera pamchenga pa Senga Bay, chifukwa chimene chidadzang'amba ICU sichingamveke popanda khoka lija.

Onse amene ankadzitcha asosholisiti ankagwirizana pa mfundo imodzi, yoti si chilungamo kuti mwini khoka azinenepa ndi thukuta la alovi. Dongosolo loti migodi, mafakitale ndi minda zikhale m'manja mwa anthu ochepa a mpamba, ambiri n'kumagulitsa mphamvu zawo kuti adye, ndilo amalitcha chikapitolizimu. Koma akafika pa funso loti tsono achite chiyani, ankasiyana ngati zala za dzanja limodzi.

Achikomyunizimu, otsatira Karl Marx ndi Vladimir Lenin, amene adalanda boma ku Russia m'chaka cha 1917, ankati boma ndi chibonga cha eni mpamba. Polisi, khoti ndi nyumba ya malamulo zonse n'zawo, choncho kukadandaula kumeneko kuli ngati mbuzi kukasuma kwa fisi. Kwa iwo njira idali imodzi: apantchito, motsogozedwa ndi chipani chimodzi chokhwima mwambo, alande boma, ndipo makoka onse akhale a boma latsopanolo. Ankakhulupiriranso kuti dyera si chibadwa cha munthu. Limabwera ndi dongosolo lophunzitsa anthu kulimbirana, ndipo dongosololo likachoka munthu adzasintha.

Ena, makamaka a ku Britain a m'bungwe la Fabian Society lomwe lidayamba m'chaka cha 1884 ndi a chipani cha Labour, ankaona boma ngati bwato, limene limapita kumene wopalasa walilozetsa. Iwo ankati voti, malamulo a malipiro ndi kukambirana ndi mabwana zingathe kusintha zinthu popanda kukhetsa magazi. Munthu, kwa iwo, amasintha pang'onopang'ono, ndi sukulu komanso chizolowezi, ndipo ufulu wobwera ndi mfuti umakonda kusunga mfutiyo.

Padalinso gulu lachitatu, la maganizo ngati a bungwe la Industrial Workers of the World limene lidayambira ku Chicago m'chaka cha 1905. Awa sankakhulupirira boma lililonse, ngakhale lodzitcha la apantchito. Ankati mlovi mukamukhazika pampando wa ofesi sachedwa kuiwala fungo la usipa. Chimene ankafuna ndi bungwe limodzi lalikulu la apantchito onse, sitalaka imodzi yaikulu, kenaka makoka aziyendetsedwa ndi owakoka okha. Munthu wa ku Salima sangadabwe kwenikweni ndi ganizo loti anthu angadziikire malamulo osadikira boma, pakuti pachilumba cha Mbenji usodzi wakhala ukutsekedwa ndi kutsegulidwa chaka ndi chaka pansi pa Mfumu Makanjira kuyambira m'ma 1950. Kungoti kumeneko kuli mfumu, ndipo makoka ali ndi eni ake.

ICU idali ngati mphika umene zonsezi zidaphikidwamo pamodzi. Mawu oyamba a malamulo ake a m'chaka cha 1925 adatengera kwambiri gulu la ku Chicago lija. M'maudindo akuluakulu mudali mamembala a chipani cha Communist Party of South Africa, chimene chidakhazikitsidwa m'chaka cha 1921. Pamwamba pa izo padali mphepo ya Marcus Garvey, yoti Africa ndi ya anthu akuda, imene idabwera ndi amalinyero ochokera ku West Indies. Mtsogoleri wa bungweli, James Gumbs, adali wa kumeneko. Kadalie ankatapa m'mbale zonsezi. Ankalemba nkhani m'magazini ya The Messenger ya asosholisiti akuda ku New York, ndipo kuyambira m'chaka cha 1923 bungwe lake lidali ndi nyuzipepala yakeyake, The Workers' Herald.

Nyuzipepala imeneyi idafika mpaka kuno kumudzi, ndipo boma la ku Zomba lidaiopa. M'chaka cha 1926 Isa Macdonald Lawrence adalamulidwa kukagwira ukaidi wa kalavulagaga kwa zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'dziko muno The Workers' Herald ndi nyuzipepala ya Garvey, The Negro World. Chaka chotsatira Robert Sambo, Mnyasa amene ankadzala ICU ku Bulawayo, adathamangitsidwa ku Southern Rhodesia.

Vuto lidali loti malaya atatu aja adasokedwera thupi la munthu wa ku Ulaya ndi ku America. Ku South Africa wapantchito adali ndi khungu. M'chaka cha 1922 azungu ogwira ntchito m'migodi ya Johannesburg adaukira mabwana awo, mbendera zofiira zili m'manja, koma chimene ankamenyera n'choti ntchito zabwino zisapite kwa anthu akuda. Boma la Jan Smuts lidawaphulitsa ndi ndege zankhondo, ndipo anthu oposa 150 adafa. Wokhulupirira kuti apantchito onse ndi pachibale adayenera kufotokoza chifukwa chake ena mwa oukirawo ankasaka ndi kupha apantchito anzawo akuda.

Njira ya voti nayo idamulumapo Kadalie. Pachisankho cha 1924 iye adalimbikitsa anthu akuda ochepa amene ankavota ku Cape kuti akane Smuts, amene manja ake adali ndi magazi a anthu oposa 160 ophedwa ku Bulhoek m'chaka cha 1921. Adapambana ndi J.B.M. Hertzog mogwirizana ndi chipani cha Labour cha azungu. Boma latsopanolo, lokhala ndi odzitcha oimira apantchito mkati, lidayamba kuchotsa anthu akuda ntchito kunjanji n'kumalemba azungu osauka, ndipo m'chaka cha 1926 lidakhwimitsa lamulo losungira azungu ntchito zaluso m'migodi. Adathawa mvula n'kugwera mumtsinje.

Ngakhale zidali choncho, makhoti nthawi zina ankamumvera. M'chaka cha 1926 adaletsedwa kulowa m'chigawo cha Natal. Iye adapita dala, adamangidwa, ndipo atachita apilo adapambana. Ku Durban, mnzake A.W.G. Champion adapambananso milandu ingapo, kuphatikizapo wothetsa mchitidwe woviika anthu akuda m'mankhwala ngati ng'ombe akamalowa mumzindawo. Mbiri ya zimenezi idawanda, ndipo anthu adayamba kumva zilembo zitatu za ICU monga zimamvekera m'Chingerezi, ngati munthu akuchenjeza mzungu kuti akumuona.

Kadalie ankalankhula Chingerezi pamisonkhano, womasulira ali pambali, chifukwa Chizulu, Chixhosa ndi Chisotho sizidali zake. Adali ndi mawu okweza ndi lilime lakuthwa, ndipo makamu ankakhamukira kukamumva. Koma adani ake, azungu ndi akuda omwe, sankaiwala kumukumbutsa kuti ndi wobwera. Amalawi amene adabwerera pa mabasi kuthawa zipolowe za m'chaka cha 2008 ndi 2015 akulidziwa bwino liwu limenelo.

Chaka cha 1926 ndicho chidali mphambano. Likulu la bungweli lidali litasamukira ku Johannesburg, komwe Kadalie adadziwana ndi azungu ena omufunira zabwino mwa njira yawo. Mmodzi adali mlembi wa mabuku Ethelreda Lewis, amene ankaopa chikomyunizimu ngati mliri. Wina adali Winifred Holtby, mlembi wa ku England amene adacheza m'dzikomo chaka chimenecho n'kumulumikiza ndi a Labour ku London. Uku achikomyunizimu a m'bungwemo adali atayamba kumufinya. Ankafunsa chifukwa chake bungwe lalikulu chotere likuopa sitalaka ndi kuwotcha zitupa, ndipo ankafunsanso za kayendetsedwe ka ndalama za mamembala. Kadalie ankawayankha kuti iwo akutumikira mabwana awiri, ndipo mmodzi mwa mabwanawo ndi chipani chotsogozedwa ndi azungu.

Mu December 1926, pamsonkhano wa akuluakulu a bungweli ku Port Elizabeth, adagamula ndi mavoti osiyana pang'ono kuti waudindo mu ICU asakhalenso membala wa chipani cha chikomyunizimu. James La Guma, E.J. Khaile ndi John Gomas adakana kusiya chipani ndipo adachotsedwa. Thomas Mbeki adasankha kukhala.

Kunena mosapsatira, aliyense adali ndi mfundo yake. Chipanicho chidalidi m'manja mwa azungu nthawi imeneyo, ndipo pasanathe zaka ziwiri chidalandira lamulo lochokera ku Moscow losintha mfundo zake. Koma atatu amene adachotsedwawo adali m'gulu la anthu ochepa odziwa kusunga mabuku ndi kumanga nthambi, ndipo funso lawo la ndalama silidachoke nawo. Lidatsala m'nyumba.

M'chaka cha 1927 Kadalie adakwera sitima ya pamadzi kupita ku Ulaya. Ku Geneva adakaonekera pamsonkhano wa International Labour Organisation ngakhale boma la Hertzog lidakana kumutuma ngati nthumwi. Ku Britain adalankhula m'misonkhano yambiri, ndipo Arthur Creech Jones wa bungwe la Transport and General Workers' Union adamuthandiza kulemba malamulo atsopano a ICU motengera mabungwe a kumeneko. Creech Jones yemweyo ndi amene adadzakhala nduna yoona za maiko a atsamunda, Nyasaland ali momwemo, kuyambira 1946 mpaka 1950. Kadalie adabwerera ali ndi chikhulupiriro choti ICU ikavala bwino ndi kulankhula mwaulemu idzalandiridwa patebulo. Atapempha kulowa m'bungwe lalikulu la apantchito la South African Trade Union Congress, azungu a m'bungwelo adawerenga chiwerengero cha mamembala ake, adaona kuti adzamizidwa pa mavoti, ndipo adakana.

Chodabwitsa n'chakuti pamene atsogoleri ankakangana za Moscow ndi London, ICU idali ikuyaka ngati moto wa lupsa kumalo kumene onsewo sankayang'anako. Pofika m'chaka cha 1927 bungweli linkati lili ndi mamembala 100 000, ndipo ambiri mwa atsopanowo adali a m'minda ya azungu ku Natal, Orange Free State ndi kuvuma kwa Transvaal. Lamulo la malo la m'chaka cha 1913 lidasiyira anthu akuda magawo 7 okha pa magawo 100 alionse a dziko lawo. Mabanja ambiri ankakhala pamunda wa mzungu n'kumalipira malowo ndi ntchito, zimene agogo athu a ku Thyolo ndi Chiradzulu ankazidziwa ndi dzina loti thangata.

Anthu amenewa sadagule khadi lofiira la ICU kuti akambirane za maola a ntchito. Ankafuna malo. Ena adamva kuti pofika Khirisimasi minda idzabwerera kwa eni ake, ndipo alembi ena a nthambi, pofuna kuchulukitsa mamembala, sadawatsutse. Eni minda adabwezera mwaukali. Wopezeka ndi khadi ankathamangitsidwa pamodzi ndi banja ndi ziweto zake, ndipo m'chaka cha 1928 magulu a azungu adaphwanya ndi kutentha maofesi a ICU ku Greytown ndi matauni ena a ku Natal. Mabanja adafika pamakomo a maofesi ndi mitolo pamutu, kufunsa minda imene adalonjezedwa. Ganizo loti bungwe ligule minda silidapite patali. Ndalama padalibe.

Zidapita kuti? Zina zidathera kwa maloya, pakuti bungweli linkadalira kwambiri milandu. Zina zidathera pa magalimoto ndi malipiro a alembi. Zina zidangosowa. Ku Durban woweruza wina adadzudzula kasungidwe ka ndalama ka Champion, ndipo likulu litamuimitsa m'chaka cha 1928 anthu ake adachoka naye n'kupanga ICU yase Natal, kutenga nthambi imene inkabweretsa ndalama zambiri kuposa zonse. Gulu lachitatu lija, lochenjeza za mlovi wokhala pampando, likadakhala ndi zonena. Nawonso aphunzitsi a ku Livingstonia, amene adaphunzitsa Kadalie kuti mtima wa munthu ndi wonyenga, sakadadabwa.

Mlangizi amene abwenzi a ku Britain adalonjeza adafika mu July 1928. Adali William Ballinger wa ku Motherwell ku Scotland, munthu wosamala khobidi lililonse ndiponso wosadziwa kuseka ndi khamu. Adapeza mabuku ali bwalabwala, ngongole zili m'khosi, ndipo adayamba kufunsa malisiti. Mkango ndi wowerengera ndalama sadakhalitsane m'khola limodzi. Kumayambiriro kwa 1929 Kadalie adachoka m'bungwe limene adaliyambitsa yekha n'kupanga lina, Independent ICU. Chaka chomwecho cha kubwera kwa Ballinger, nduna ya chipani cha Labour, Walter Madeley, idalandira nthumwi za ICU kuti akambirane za malipiro a ogwira ntchito kupositi, ndipo Hertzog adaichotsa unduna chifukwa cha zimenezo. Umo ndi mmene khomo la kukambirana lidalili lopapatiza.

Moto wake womaliza udayaka ku East London mu January 1930, pamene adatsogolera sitalaka ya ogwira ntchito kunjanji ndi padoko imene idafalikira mumzinda wonse. Munthu amene achikomyunizimu ankamunena kuti amaopa sitalaka adamangidwa chifukwa cha sitalaka. Atatuluka adaletsedwa kuchititsa misonkhano m'dera la Johannesburg, ndipo adakhazikika ku East London ndi mkazi wake Eva ndi ana awo, akuyendetsa kabungwe kakang'ono ka mumzindamo. Mabungwe a apantchito akuda amene adabwera pambuyo pake adamangidwa mwa mtundu wina, lililonse ndi ntchito yake, ochapa zovala paokha, osoka paokha, ndipo ambiri adamangidwa ndi achikomyunizimu omwe aja.

Anzake a pamkangano wa 1926 nawo sadayende pamsewu wosalala. La Guma, amene adalolera kutaya udindo mu ICU chifukwa cha chipani, adachotsedwa m'chipanimo m'chaka cha 1929, ngakhale adadzabwereramo. Sidney Bunting, mzungu amene adalimbikira kuti chipanicho chitsegulire anthu akuda, adachotsedwa m'chaka cha 1931. M'chaka cha 1950 boma la tsankho lidaletseratu chipanicho. Ballinger adatsata njira ya nyumba ya malamulo ndipo adakhala seneta woimira anthu akuda, mkazi wake Margaret ali phungu woimira anthu omwewo, mpaka mipando imeneyo idathetsedwa m'chaka cha 1960.

Kadalie sadaone zomalizazi. Adamwalira ku East London pa 28 November 1951 ali ndi zaka 55. Buku la mbiri yake, My Life and the ICU, lidakhala m'mapepala osasindikizidwa kufikira m'chaka cha 1970, pamene lidatuluka ku London. Mdzukulu wake, Rhoda Kadalie, adadzakhala mmodzi mwa makomishonala a bungwe loona za ufulu wa anthu ku South Africa m'nthawi ya Nelson Mandela, ndipo adamwalira m'chaka cha 2022.